Mafunso Anu pa Ndalama: USDT, Nkhuku ndi Ntchito ya ku UK

Makalata a mwezi uno achuluka a ku Mufakose, Mabvuku ndi Dzivarasekwa muno mu Harare, ndipo nkhani ya crypto, ndalama za pa intaneti, ndiyo yavuta anthu. Mayina tawabisa monga mwa nthawi zonse. Mitengo yomwe tawerengera pano ndi yongoyerekeza, inu muikepo ya tsiku lomwe mukugula.

Funso: Mlamu wanga wandilowetsa m'gulu la WhatsApp la kampani ina ya crypto. Akuti ukaika $100 umalandira 3 peresenti tsiku lililonse, ndipo ukabweretsa mnzako amakupatsa $10. Iyeyo watapako kale kawiri, ndinaona ndi maso angawa. Ndili ndi $350 ya lendi ya miyezi ikubwerayi. Ndiike? Mayi wa ku Mufakose.

Yankho: Ayi mayi, musaike. Ya lendiyo mukapereke kwa eni nyumba.

Tengani foni muwerengere nokha. $100 ikamakula ndi 3 peresenti tsiku ndi tsiku, phindu lake n'kumabwezeredwa momwemo, pakutha kwa chaka imapitirira $4 miliyoni. Munthu wodziwa njira yotere angavutikirenji kusaka ndalama za lendi ku Mufakose? Akanangokongola kubanki n'kulemera yekha mwakachetechete.

Funso loyenera kufunsa pa bizinesi iliyonse ndi lakuti phindulo likuchokera kuti. Wogulitsa tomato ku Mbare Musika akhoza kukulozerani: ndapikula bokosi pamtengo wakuti, ndagulitsa milu yakuti. A kampani iyi akuloza chiyani? Akuuzani kuti kompyuta ndiyo imachita malonda usiku inu muli mtulo, n'kukuonetsani manambala obiriwira pafoni. Manambala apafoni amalembedwa ndi mwini app. Ndalama zomwe alamu anu anatapa kawirizo ndi zenizeni, sitikutsutsa, koma ndi za anthu omwe analowa pambuyo pawo. Ndiye chifukwa chake pali $10 ya wobweretsa mnzake. Tsiku lomwe olowa adzachepe kuposa otapa, mphika udzauma.

Harare waziona kale izi. MMM, gulu la mtundu womwewu, inagwa mu 2016 anthu ambiri ataikamo ndalama kudzera pa EcoCash, njira yotumizira ndalama pafoni. E-Creator, yomwe inali ndi ofesi m'tauni momwemu, inagwa pakati pa 2023. Ofesi yokongola, mayunifolomu ndi satifiketi yolembetsera kampani si umboni wa kanthu. Kulembetsa kampani aliyense angathe. Chofunika ndi chilolezo chosunga kapena kuyendetsa ndalama za anthu, chomwe chimachokera ku Reserve Bank of Zimbabwe kapena ku Securities and Exchange Commission of Zimbabwe. Afunseni chilolezo chimenecho, kenako mukatsimikize ku bungwe lomwe akutchulalo, osati pa chithunzi chomwe akutumizireni.

Mathero ake amafanana. Poyamba kutapa kumachedwa, akuti akukonza makina. Kenako amati kuti ndalama zanu zituluke mulipire kaye msonkho kapena muonjezere mpamba. Ambiri amaluza kawiri pamenepo. Mapeto ake gulu la WhatsApp limatsekedwa kuti azilemba ndi ma admin okha. Alamu anuwo auzeni atape zonse lero ngati zikutheka, ndipo asalowetsenso munthu, chifukwa zikadzagwa obedwawo sadzapita ku kampani, adzabwera pakhomo pawo.

Funso: Ndimajambula ma logo ndi zikwangwani pa kompyuta. Kasitomala wina wa ku Kenya akufuna kumandilipira mu USDT. Kodi n'zololedwa kuno? Nanga ndingazisandutse bwanji madola osaberedwa? Mnyamata wa ku Mabvuku.

Yankho: Ili ndi funso lina, achimwene, chifukwa inu mukugulitsa luso, crypto yangokhala njira yodutsira malipiro. USDT ndi ndalama ya pa intaneti ya kampani ya Tether, yopangidwa kuti izikhala pafupi ndi $1. Siili ngati Bitcoin, yomwe inatsika kuchoka pafupifupi $69,000 mu Novembala 2021 kufika cha m'ma $16,000 patangotha chaka. Koma musaiyese dola yeniyeni. Ina yofanana nayo, TerraUSD, inagwa mu Meyi 2022. USDT ikalowa, isintheni msanga.

Pa za malamulo: mu Meyi 2018 Reserve Bank inaletsa mabanki kugwira ntchito ndi misika ya crypto, zomwe zinagwetsa malonda a Golix, msika womwe unali muno mu Harare. Crypto si ndalama yovomerezeka yolipirira m'dziko muno, ndipo ikasowa palibe bungwe lokubwezerani. Zomwe mwapeza pantchitoyo ndi malipiro ngati ena onse pamaso pa ZIMRA, bungwe lotolera misonkho, choncho sungani ma invoice.

Zolakwika zimachitikira pa zinthu zing'onozing'ono. USDT imayenda pa misewu ingapo, monga TRC20 ndi ERC20, ndipo wotumiza ndi wolandira ayenera kusankha umodzimodzi. Mukasemphana, kubweza kumavuta ndipo nthawi zina zimapitiratu. Adiresi ya wallet, chikwama chosungira crypto, musailembe pamanja, ikopereni, ndipo muone zilembo zoyamba ndi zomaliza. Ulendo woyamba kasitomala atumize $10 yoyesera. Mawu 12 kapena 24 omwe wallet imakupatsani potsegula alembeni papepala, musawajambule, musawatumize kwa munthu ngakhale atati ndi wa kampani. Amene ali ndi mawuwo ndiye mwini ndalama.

Pogulitsa pa P2P, kutanthauza munthu kwa munthu mnzake, gwiritsani ntchito msika womwe umagwira USDT pakati mpaka wogula atalipira. Musamasule poona chithunzi cha uthenga wa EcoCash kapena InnBucks. Lowani mu akaunti yanu muone ngati zalowadi. Kanani ndalama zochokera pa dzina losiyana ndi la wogulayo, chifukwa zikakhala zobedwa akaunti yotsekedwa ndi yanu. Ngati n'zapamanja, kumanani masana pamalo pa anthu, muwerenge madolawo kaye.

Funso: Amuna anga anachotsedwa ntchito ndipo tatsala ndi $400. Ndikufuna kuweta nkhuku za nyama 100 kuseri kwa nyumba. Anzanga akuti m'milungu 6 ndalama imabwerera kawiri. N'zoona? Mayi wa ku Dzivarasekwa.

Yankho: Kawiri ayi, koma phindu lilipo mukasamala. Tiyeni tiwerenge limodzi, mayi.

Nkhuku ya nyama imodzi imadya makilogalamu 3.5 mpaka 4 kuti ifike milungu 6. Pa nkhuku 100 ndiye matumba 7 kapena 8 a makilogalamu 50: thumba 1 la starter m'masiku 14 oyamba, matumba 3 a grower mpaka tsiku la 28, ena 3 kapena 4 a finisher. Tiyerekeze mwanapiye ndi $1, thumba ndi $30. Anapiye $100, chakudya $240, katemera, mavitamini, utuchi ndi makala $40. Zonse $380. Zikafa 5, n'kugulitsa 95 pa $6, mwapeza $570. Phindu ndi $190, musanawerengere thukuta lanu, madzi, zomwera, zodyera ndi khola lenilenilo.

Mwaona kuti pafupifupi $400 yonse yathera momwemo, yatsala $20 yokha. Ife tikuti yambani ndi 50. Mukalakwitsa, monga amalakwitsira aliyense ulendo woyamba, mutsale ndi poyambiranso. Komanso fufuzani kaye ku ofesi ya khonsolo ya m'dera lanu, chifukwa malamulo a mzinda amaika malire a nkhuku zoweta pakhomo, ndipo woyandikana naye akadandaula za fungo ndi ntchentche mukhoza kuzichotsa zisanakule.

Anapiye ambiri amafa sabata yoyamba, ndipo chowapha kawirikawiri ndi kuzizira. Pafunika kutentha kwa madigiri 32 kapena 33 masiku oyambawo, n'kumatsitsa ndi 2 kapena 3 sabata iliyonse. Mulibe choyezera? Anapiyewo akuuzani. Akaunjikana pansi pa moto n'kumalira, akuzizidwa. Akathawira m'mbali kukamwa kuli yasa, kwatentha. Akamwazikana bwinobwino, ena akudya ena akugona, zili bwino. Musadalire babu ya magetsi yokha. Magetsi akazima 2 koloko usiku mu Juni, m'mawa mudzatola mitembo. Khalani ndi mbaula, koma makala ayake kaye panja mpaka utsi utha, ndipo khola lisatsekedwe ponseponse, chifukwa mpweya wa makala umapha. Malo a anapiye akhale ozungulira, a katoni kapena hadibodi, kuti asapanikizane pakona. Usiku woyamba gwirani ochepa pachifuwa: chithokomiro chikhale chodzaza ndi chofewa, kusonyeza kuti adya ndipo amwa.

Zikakula, nkhuku 10 pa sikweya mita imodzi. Utuchi ukhale wouma. Wonyowa umabweretsa kamwazi wa nkhuku ndi fungo lolasa m'maso. Mu Okutobala vuto limatembenuka, zazikuluzo zimafa ndi kutentha, ndiye tsegulani m'mbali ndipo madzi asathe.

Katemera wa chitopa ndi wa Gumboro tsatirani masiku omwe ogulitsa anapiye akupatseni, ndipo gulani anapiye kwa ogulitsa odziwika monga a Irvine's kapena ma ajenti awo, osati m'katoni ya pamsewu. Apa pali pobisika: madzi a pampopi a khonsolo ali ndi klorini, yomwe imapha katemerayo. Gwiritsani ntchito a pachitsime kapena pamjigo. Zichotsereni madzi kwa ola limodzi kapena awiri kuti zimve ludzu, ndipo zimwe katemerayo asanathe maola 2. Pochokera kusitolo mumunyamule m'madzi oundana.

Koma chomwe chimagwetsa alimi ambiri a m'tauni si matenda, ndi msika. Nkhuku ya milungu 6 imadya pafupifupi magalamu 200 patsiku. Nkhuku 95 zikakhala sabata imodzi osagulidwa zatha matumba pafupifupi 3, theka la phindu lija lapita, pomwe wogula akupatsani $6 yomweyo. Pezani ogula anapiye ali ndi milungu 3: ophika sadza pamashopu, akutchalitchi, okonza maukwati. Mulibe firiji yodalirika, musaphe zambiri nthawi imodzi. Za "ndidzapereka kumapeto kwa mwezi" muchepetse, ndipo amene mwamukongoza alembedwe m'kabuku iye akuona. Ndalama ya anapiye ndi chakudya cha ulendo wotsatira ichoke kaye musanagule ndiwo.

Funso: Ndinachita kosi ya nurse aide. Ajenti wina akuti ndimupatse $4,000 andipezere Certificate of Sponsorship (CoS), chikalata chofunsira viza, ya ntchito yosamalira okalamba ku UK. Makolo akufuna kugulitsa puloti ku Epworth. Mtsikana wa ku Tafara.

Yankho: Achemwali, auzeni makolo puloti isagulitsidwe. Kuyambira pa 22 Julayi 2025, boma la UK linatseka njira yolembera osamalira okalamba kuchokera kunja kwa dzikolo. Njirayi inali itayamba kale kuchepa: kuyambira Malichi 2024 opita pa viza imeneyi sankaloledwanso kutenga mkazi, mwamuna kapena ana. Amene akugulitsa CoS ya ntchito imeneyi lero kwa munthu ali ku Tafara akugulitsa pepala.

Ngakhale nthawi yomwe njirayo inali yotsegula, CoS sinali yogula. Amaipereka ndi wolemba ntchito yemwe ali ndi chilolezo cha Home Office, ndipo mndandanda wa olemba ntchito oterewa uli poyera pa tsamba la boma la UK. Ambiri omwe anagula anakafika n'kupeza kulibe ntchito kapena maola ndi ochepa, ngongole ili phwii kumudzi. Kumbukiraninso atsikana omwe anapita ku Kuwait mu 2016 atalonjezedwa ntchito zabwino n'kukalandidwa mapasipoti, mpaka boma linachita kukawatenga. Ntchito iliyonse yakunja, onani kalata ya mgwirizano musanalipire kanthu, lankhulani ndi wolemba ntchitoyo mwachindunji, ndipo pasipoti isachoke m'manja mwanu.

Kosi yanuyo sinapite pachabe. M'madera monga Borrowdale, Greendale ndi Mount Pleasant muli mabanja omwe ana awo ali kunja ndipo akufuna wosamalira kholo lodwala. Gwirizanani polemba: maola, tsiku lopuma, malipiro mu ndalama iti, ndi ntchito zomwe si zanu, kuti musasanduke wochapa ndi wophikira banja lonse pamalipiro amodzi. Ndipo mukachoka tengani kalata ya umboni.

Funso: Ndinabadwira ku Mbare, bambo anga anachokera ku Dedza. Chitupa changa chinalembedwa kuti ndine mlendo ndipo ntchito zina amandibweza. Bambo wa ku Highfield.

Yankho: Bambo, malamulo aakulu a dziko a 2013, omwenso anaika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka, ali kumbali yanu. Gawo 43 limati wobadwira mu Zimbabwe malamulowo asanayambe kugwira ntchito, kholo lake lili nzika ya dziko la SADC monga Malawi, Mozambique kapena Zambia, ndipo iye ankakhala muno pa nthawiyo, ndi nzika yobadwa. Pitani ku ofesi ya Civil Registry ndi satifiketi yobadwira yaitali ija, chitupa chakale ndi mapepala a makolo omwe alipo, akusinthireni. Mukalowa ntchito, onani pa payslip ngati akudula 4.5 peresenti ya NSSA, bungwe la boma la penshoni, ndipo mukafunse ku NSSA ngati ikufikadi, chifukwa olemba ntchito ena amadula osapereka.

Funso: Ndapuma pantchito ndipo ndili ndi $3,000. Mu 2008 ndinaluza zonse, mu 2019 chimodzimodzi. Ndisunge kuti? Mdzukulu akuti masheya. Agogo a ku Glen Norah.

Yankho: Agogo, mantha anu ali ndi maziko. Munaona ndalama ya pepala ya madola a Zimbabwe 100 thililiyoni mu Januwale 2009. Munaona madola a m'banki akusandutsidwa RTGS, ndalama ya m'dziko muno, mu Febuluwale 2019. Ndalama yatsopano ya ZiG inayamba mu Epulo 2024 pa 13.56 pa dola, ndipo pofika kumapeto kwa Seputembala chaka chomwecho Reserve Bank inaitsitsa kupitirira 24. Choncho chilichonse chomwe mungasankhe, muziwerengera phindu lake m'madola. Chiwongoladzanja chachikulu pa ndalama yomwe ikutsika mphamvu n'kutunga madzi ndi dengu.

Gawani patatu, osati mofanana. Gawo loyamba ndi la matenda ndi maliro, lokwana miyezi 3 mpaka 6 ya zofunika pakhomo, likhale pomwe mungalitenge tsiku lomwelo. Mukaliika mu akaunti ya madola, funsani kaye zomwe banki imadula pamwezi ndi potapa, komanso kumbukirani msonkho wa IMTT wodulidwa potumiza ndalama, womwe unafika 2 peresenti mu Okutobala 2018. Ndalama yongoyendayenda pakati pa akaunti imatha ngati sopo.

Gawo lachiwiri lipite ku chinthu chomwe mukuchiona. Ngati nyumba ndi yanu, chipinda chimodzi chokonzedwa bwino cha lendi chimabweretsa madola mwezi ndi mwezi, ndipo palibe chikalata cha boma chomwe chingachisandutse RTGS.

Masheya akhale gawo laling'ono, la ndalama yomwe simuifuna kwa zaka 3 kapena 5. Misika ikuluikulu ilipo iwiri: Zimbabwe Stock Exchange (ZSE), komwe kuli makampani monga Delta, ndi Victoria Falls Stock Exchange (VFEX), yomwe inatsegulidwa mu Okutobala 2020 ndipo malonda ake ndi a madola a America, kumeneko kuli Innscor, Simbisa ndi Padenga. Mumagula kudzera mwa stockbroker, munthu wa chilolezo wogulira ndi kugulitsira anthu masheya, kapena pa foni, pa ZSE Direct, VFEX Direct kapena C-Trade. Adzafuna chitupa, umboni wa komwe mumakhala ndi akaunti ya kubanki. Pogula ndi pogulitsa pali zodula, ndiye kugula lero n'kugulitsa mwezi wamawa n'kudyetsa ena. Dziwaninso kuti msika ukhoza kutsekedwa: boma linaimitsa malonda pa ZSE kumapeto kwa Juni 2020 mpaka kumayambiriro kwa Ogasiti, ndipo omwe anali ndi masheya a Old Mutual anatsala nawo m'manja osatha kugulitsa. Akaunti ikhale m'dzina lanu, osati la mdzukulu, ngakhale ndi iye azikudinirani foni.

Funso: Tili amayi 12 a mumpingo, timasonkha $20 pamwezi pa mukando. Chaka chatha awiri anakongola osabweza ndipo gulu latsala pang'ono kutha. Mlembi wa gulu, Kambuzuma.

Yankho: Kumudzi amati banki m'khonde, ndipo matenda ake ndi omwewa. Lembani malamulo aliyense asaine. Munthu asakongole kupitirira katatu zomwe wasonkha, ndipo akhale ndi mboni ziwiri za m'gulu momwemo zomwe zosonkha zawo zidzadulidwe iye akalephera. Mudzaona okha akukana kuikira umboni munthu wosadalirika. Ngongole ibwezedwe pasanathe miyezi 3, ndipo miyezi iwiri yomaliza musanagawane musakongozenso. Wakunja asakongole, ngakhale mwamuna wa membala. Zosonkha ndi zobweza zikhale mu ndalama imodzi: wotenga madola abweze madola.

Ndalama ziziwerengedwa mokweza pamaso pa onse pamsonkhano uliwonse. Wosunga bokosi asakhale ndi kiyi, makiyi akhale ndi amayi ena atatu okhala m'misewu yosiyana. Za awiri a chaka chathawo, aitaneni pamaso pa gulu, zomwe anasonkha zidulidwe pangongoleyo, yotsalayo alembe kuti azibweza zingati pamwezi, ndipo asakongolenso mpaka atamaliza.